KODI WOYENDA YEKHA ALI YEKHA?

Mlendo afika madzulo

Msewu waukulu wochokera ku Mzuzu kunka ku Lilongwe, umene a boma autcha M1, upyola pakati pa chidikha cha Kasungu, dziko la fodya ndi chimanga. Anthu okhala m'mbali mwa msewuwo, kaya pa Nkhamenya, pa Chatoloma kapena pa Chinkhoma, adazolowera kuona zinthu zambiri zikupita: mabasi, malole osenza mabelo a fodya, ngolo za ng'ombe, ndi njinga zosawerengeka. Koma kamodzikamodzi, makamaka mvula itatha, pamapita munthu wina amene ngakhale akuluakulu aleka ntchito kuti amuyang'ane. Njinga yake yalemedwa ndi zikwama, ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo, ndi mtolo wina pa kaliyala. Nkhope yake yapsa ndi dzuwa, zovala zake zafiira ndi fumbi. Alibe mnzake, alibe wantchito, ndipo palibe galimoto yomtsata pambuyo.

Dzuwa likapendeka, munthu uja apatuka mumsewu, nalowa kanjira ka kumudzi, nafunsa nyumba ya mfumu. Ana amuunjirira, amayi asuzumira ali pa mtondo. Ampatsa mpando, naitana mwana wa sukulu kuti amasulire mawu ake. Mlendoyo anena kuti wachokera kutali kumpoto, mwina ku Cairo m'dziko la Egypt, ndipo alinkunka ku Cape Town. Sapempha ndalama kapena ntchito ayi. Apempha kamalo kochepa koti akhomepo hema wake usiku umodzi, ndi madzi a m'chidebe.

Pamenepo mafunso ayamba. Kodi wapalamula mlandu wanji kwawo? Amlipira ndani? Ali ndi mkazi ndi ana kodi? Nanga amake adamlola bwanji? Anthu akamva kuti palibe mlandu, palibenso womlipira, ndi kuti ulendowo adaufuna yekha, apukusa mitu. Ndipo pa bwalo sipasowa nkhalamba yokumbutsa anzake mawu a makolo akuti, “Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.”

Mawu amenewa ndi olemera, pakuti anena kuti umunthu sukhala mwa munthu mmodzi, koma pakati pa anthu. Tsono funso ndi ili: kodi munthu wosiya abale ake, nayenda miyezi yambiri yekhayekha, nagona m'kahema monga kamba m'chigoba chake, wataya umunthu? Kapena mwambiwo uli ndi tanthauzo lina limene mlendoyu aliulula? Nkhani imeneyi siikhudza mlendo yekha. Ikhudzanso mudzi umene umlandira, chifukwa mlendo akafika pa mudzi, onse awiri ayesedwa.

Ulendo wake ndi wotani

Mfumu yanzeru siigamula mlandu isanamve bwino chimene chidachitika. Chomwechonso wowerenga ayenera kudziwa poyamba mayendedwe a anthu otere.

Kuyenda mtunda wautali pa njinga si chinthu chachilendo pa dziko lapansi. Munthu woyamba kuzungulira dziko lonse pa njinga adali Thomas Stevens, amene adanyamuka ku San Francisco m'chaka cha 1884 natsiriza ulendo wake mu 1886. Njinga yake idali ya gudumu lalikulu kutsogolo ndi laling'ono kumbuyo, ndipo nyanja zamchere adawoloka pa sitima. Akazi nawonso adayenda maulendo otere. Mayi wina wa ku Ireland, dzina lake Dervla Murphy, adapalasa yekha kuchokera ku Ulaya mpaka ku India mu 1963. Mu 1992, ali ndi zaka 60, adayendanso pa njinga kuchokera ku Kenya, kupyola Uganda, Tanzania, Malawi ndi Zambia, mpaka ku Zimbabwe, mtunda wa mamailosi pafupifupi 3,000.

Ambiri mwa alendo opita pa Kasungu atsata njira ya pakati pa Cairo ndi Cape Town, imene kutalika kwake kuposa makilomita 10,000. Alowa m'Malawi pa mlatho wa Songwe, natsata nyanja kupyola Karonga, nakwera chitunda cha Chiweta, nafika ku Mzuzu, napyola mapiri a Viphya ndi nkhalango ya Chikangawa. Akafika pa Jenda mtima ukhala pansi, poti mapiri atha ndipo chidikha chayamba. Kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita ngati 130, ndiwo ulendo wa tsiku limodzi kwa wamphamvu, masiku awiri kwa wofatsa.

Komatu chidikha chiri ndi zowawa zake. M'miyezi ya June ndi July mphepo ya mwera iwomba kolimba, ndipo wolinga ku Lilongwe alimbana nayo tsiku lonse, nagona usiku wozizira mpaka m'mafupa. Mu October dzuwa liswa mtengo, ndipo phula la mumsewu litentha ngati chiwaya. M'dzinja njira za dothi zisanduka matope omata ku matayala. Chakumadzulo kuli nkhalango ya nyama ya Kasungu, mmene muli afisi ndi njovu. Mu 2022 adawonjezamo njovu zina 263 zochokera ku Liwonde. Wogona pathengo m'malire a nkhalangoyo aika moyo wake pachiswe.

M'zikwama zija muli hema, chofunda, kapoto, kachitofu, mpunga, mchere, mabotolo a madzi, pampu, zigamba zomatira chubu, masipoko apadera ndi mankhwala. Akaziyala pansi zonsezi, munthu angayese kuti uyu ndiye wosasowa kanthu kwa wina aliyense. Nyumba ali nayo, moto ali nawo, kamba wa paulendo ali naye. Ena mwa alendowo nawonso aganiza chomwecho, nanyadira kuti adzidalira okha. Pamenepa ndi pamene pagona mlandu.

Eni dziko nawonso ndi apaulendo

Anthu a ku Kasungu sadabwa ndi kutalika kwa ulendo, pakuti makolo awo adayenda maulendo otere kalekale. Cha m'ma 1915 mnyamata wina wa ku Kasungu komweko, Kamuzu Banda, adanyamuka wapansi nakafika ku Hartley m'dziko la Southern Rhodesia, kumene tsopano kutchedwa Chegutu, ku Zimbabwe. Kuchokera kumeneko adapitirira ku Joni pamodzi ndi mbale wake wamkulu Hanock Msokera Phiri, pambuyo pake ku America ndi ku Britain, ndipo sadabwerere kwawo kufikira 1958. Amuna zikwi zambiri adatsata njira zonga yomweyo kukafuna ndalama ya msonkho ndi zovala ku migodi ndi ku mafamu a kum'mwera, ena kudzera kwa Wenela kapena kwa Mthandizi, ena paokha, amene anthu adali kuwatcha a selefu. Opita paokhawo adagona m'thengo, nawoloka mitsinje ya ng'ona, napempha malo kwa anthu a zinenero zina. Ndipo chimodzi mwa zinthu zimene wobwerera kumudzi adanyadira nacho koposa chidali njinga yonyezimira, Raleigh kapena Humber, ya belu lolira bwino.

Ngakhale lero msewu wa ku Kasungu ndi wodzala ndi apanjinga. Wina wasenza matumba a chimanga, wina makala, wina mtanga wa nsomba zouma zochokera ku nyanja, wina ndi wa kabaza wonyamula mayi wodwala kunka ku chipatala. Ambiri a iwo apalasa mtunda wautali ndi katundu wolemera koposa wa mlendo uja, pa njinga yopanda magiya, atamwa phala lokha kapena osalawa kanthu.

Tsono chimene chidabwitsa anthu si mtunda, koma chifukwa chake cha ulendowo. Makolo aja adayenda poti umphawi udawapirikitsa, ndipo njira idali chinthu chopirira kuti akafike kumene kuli ndalama kapena maphunziro. Mlendo wa pa njinga ayenda chifukwa wafuna, ndipo chimene afuna ndi njira yomweyo. M'thumba mwake muli khadi la ku banki, ndipo tsiku limene atope akhoza kukwera ndege nabwerera kwawo. Wogulitsa makala sangathe kutero. Sikoyenera kubisa kusiyana kumeneku. Anthu awiri akhoza kutuluka thukuta pa chitunda chimodzi, koma wina ali pa ntchito, wina ali pa chisangalalo. Wamakala akamseka mlendoyo, salakwa.

Koma chisangalalo pachokha si tchimo. Akulu atchova bawo pansi pa mtengo, anyamata avina, ndipo palibe awaimba mlandu. Funso loyenera ndi lakuti, kodi chisangalalo chakecho chimuiwalitsa anthu, kapena chimfikitsa kwa anthu?

Kodi ndi wodzikonda?

Omtsutsa mlendoyu ali ndi mawu amphamvu. Iwo ati munthu ali ndi udindo kwa abale ake. Kwawo kukagwa maliro, akakumba manda ndani? Amake akadwala, awatungira madzi ndani? Midzi ya ku Kasungu idziwa bwino kuwawa kwa machona, amuna amene adapita ku ntchito osatumiza kalata kapena khobidi, akazi awo nakalamba akuyang'ana kunjira. Mawu amenewa ndi oona. Munthu wosiya ana opanda chakudya, kapena kholo lodwala lopanda womsamala, kuti akaone dziko, ndi wolakwa, ndipo kutalika kwa ulendo wake sikungamchotsere mlanduwo.

Koma si onse ochoka pa mudzi amene ali machona. Mlenje apita yekha kuthengo, msodzi achezera yekha pa bwato, mlonda wa m'munda agona yekha m'chisakasa kuingitsa nguluwe. Anthu amenewa atsazika bwino pochoka, ndipo abwera ndi kanthu m'manja. Wochoka atakonza za pakhomo, atapangana ndi abale ake, natumiza mawu ali m'njira, afanana ndi iwowa. Ndipo mudzi uyenera kuchenjera ndi chizolowezi chotcha wamisala munthu aliyense wochita chinthu chimene ena sachita. Ku Kasungu komweko, m'mudzi wa Masitala pafupi ndi pa Wimbe, mnyamata William Kamkwamba adatchedwa wamisala pamene adali kutola zitsulo zotayidwa. Koma mu 2002 adaimika makina oyendera mphepo, opangidwa ndi njinga yakale ya bambo wake ndi dayinamo ya njinga, nayatsa magetsi m'nyumba. Omseka aja adabwera kudzaona. Komanso iyeyo sadachite yekha: nzeru adazipeza m'buku la m'nyumba yobwereketsa mabuku, ndipo msuweni wake ndi bwenzi lake adamthandiza.

Chomwecho ndi mlendo wa pa njinga. Wowerenga alingalire tsiku lake limodzi, ndipo awerenge manja amene amchirikiza. Madzi ndi olemera, kotero kuti sangathe kunyamula oposa a tsiku limodzi kapena awiri. Akatha, aima pa mjigo umene adakumba ena, umene anthu a m'mudzi asonkhera ndalama ukawonongeka, ndipo mayi amene wadikira nthawi yaitali pa mzere asuntha ndowa yake kuti mlendo ayambe. Limu ikapindika, amkonzera ndi mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango pa msika, amene awongola gudumu ndi maso ndi zala zokha. Pa mphambano afunsa njira, poti safunsa adadya phula. Malungo akamgwira, monga adamgwirira Dervla Murphy kumapeto kwa ulendo wake, miyendo yamphamvu ija ilefuka, ndipo afuna munthu womtengera kwa dokotala.

Koposa zonse alingalire za usiku. Hema ndi nsalu chabe, yoti ngakhale kampeni ka mwana kang'ambe. Munthu wogona m'kati mwake saona kunja, ndipo chuma chake chonse chiri pambali pake. Chimene chimtchinjiriza si nsaluyo ayi, koma mawu a mfumu akuti, “Uyu ndi mlendo wathu.” Ndicho chifukwa chake wapaulendo wanzeru sabisala m'tchire, koma afunsa nyumba ya mfumu dzuwa lisanalowe.

Tsono afanizidwe ndi munthu wa pa galimoto. Iyeyu apyola boma lonse la Kasungu m'maola owerengeka, mazenera ali chitsekere, osapatsa munthu moni, osapempha kanthu, osadziwa dzina la mudzi ngakhale umodzi. Ndiponso afanizidwe ndi oyenda pa njinga m'gulu lalikulu, amene ali ndi lole yawo ya katundu ndi wophika wawo, nacheza okhaokha madzulo. Woyenda yekha alibe wina wocheza naye koma eni dziko, ndipo alibe wina womuthandiza koma iwo omwe. Apempha kakhumi pa tsiku, nathokoza kakhumi. Dervla Murphy adanyamuka kuti akapumitse mtima wake, koma ponseponse pamene adaima anthu adamsimbira za matenda a Edzi amene adali kutha abale awo. Ndipo buku limene adalemba, lotuluka mu 1993, adalitcha The Ukimwi Road, poti ukimwi ndilo dzina la matendawo m'Chiswahili. Kuyenda yekha ndiko kudampereka m'manja mwa anthu ambiri, ndipo anthuwo adamsenzetsa chisoni chawo.

Motero mwambi uja sugwera munthu chifukwa chakuti palibe wina pambali pake. Kanyama ndi munthu amene amwa madzi a ena, nagona pa bwalo la ena, nadzuka wamoyo chifukwa cha ulemu wa ena, kenaka nakafika kwawo ndi kunena kuti, “Ndachita ndekha.” Wotere ndiye ali yekha ndithu, angakhale atakhala pakati pa khamu.

Mlandu wa ufa wotsiriza

Koma ngati mlendo akhalira moyo pa ufulu wa eni mudzi, pabuka mlandu wina wovuta koposa woyambawo. Ufuluwo uli ndi mtengo wake, ndipo aulipira ndi amphawi.

Wowerenga ayerekeze kuti mlendo wafika m'mwezi wa February. Minda ya fodya yabiriwira, anthu ali kalikiliki kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Dziko lioneka lolemera, koma fodya sadyeka, ndipo msika wake sutsegulidwa kufikira cha m'ma April. Chimanga cha chaka chatha chatha m'nkhokwe, chatsopano sichinache. Mabanja ambiri olima fodya m'maesiteti adakhala zaka zambiri akulandira chakudya cha ngongole kwa mwini munda, chodzadulidwa pogulitsa fodya. Ndipo ngakhale lamulo la mu 2021 lidaletsa utenanti, njala ya mwezi umenewu siimva lamulo. A ku Kasungu sadaiwale February wa 2002, pamene anthu adadya gaga ndi mizu ya kuthengo, ndipo ambiri adamwalira.

M'nyumba ina yotere mwamuna alowa nati kwa mkazi wake, “Amayi, a mfumu atipatsa mlendo uja kuti agone pa khomo pathu. Konzani madzi osamba ndi kansima.” Mkazi ayang'ana m'dengu nati, “Abambo, ufa watsalawu ndi wa phala la ana mawa.” Mwamuna ati, “Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chakudya sichichepa, chichepa ndi chovala. Akanena chiyani kwawo tikamgoneka ndi njala?” Mkazi ati, “Nanga ana akalira m'mawa, ndidzawauza kuti chiyani?”

Onse awiri anena zoona. Mwamuna asunga mwambo umene udapulumutsa agogo ake m'njira ya ku Joni, pakuti kupatsa ndi kuika. Mkazi asunga moyo wa ana amene Mulungu adampatsa. Ndipo kawirikawiri nsimayo iphikidwa, mlendo nadya, osadziwa zimene zanenedwa kukhitchini.

Kodi mlendo achite chiyani? Akadya zonse, nasamba m'manja, nachoka m'mawa ndi “zikomo” wa pakamwa chabe, wadya phala la ana. Sanganene kuti sadadziwe, pakuti maso ali nawo: nkhokwe yopanda kanthu ioneka, ndipo ana oyang'anitsitsa mbale aoneka. Akakana chakudya, nakatsekula kachitofu kake payekha, wanyoza eni nyumba, monga ngati chakudya chawo ndi chauve kapena chokayikitsa. Akatulutsa ndalama pomwepo nafunsa mtengo wa nsima, wasandutsa nyumba ya munthu kukhala kantini, ndipo wachotsa ulemu umene mmphawi adali nawo, ndiwo ulemu wokhala wopatsa.

Njira yabwino iripo, ndipo apaulendo akale adaidziwa. Mlendo asambe m'manja, adye modziletsa, asiyeko mkute. Atulutse mpunga, mchere, shuga kapena mafuta zimene ziri m'chikwama chake, azipereke kwa mayi wa pakhomo kuti zilowe mumphika wa onse. M'mawa potsazika apereke mphatso yake ndi manja awiri, monga chithokozo, osati monga malipiro, ndipo ikhale yosachepera pa chimene wadya. Wolandira asachite manyazi, pakuti mphatso yobwezera mphatso ndiyo imanga ubale. Ndipo mlendo amene aona kuti mudzi uli pa njala yeniyeni, achita bwino kugula ufa pa msika asanapatuke.

Eni mudzi nawonso ali ndi mbali yawo. Choyamba, mwambo wolandira alendo sulamula kuti ana agone ndi njala. Munthu akhoza kunena mwaulemu kuti, “Pepani alendo, chaka chino zativuta, malo ogona ndi awa, madzi ndi awa, moto ndi uwu.” Wotere walandira mlendo mokwanira. Chachiwiri, mlendo si thumba la ndalama. Wofuna malipiro anene poyamba, monga achitira a nyumba zogona alendo, ndipo palibe cholakwa. Koma wopereka ngati mphatso madzulo, nalipiritsa m'mawa, wanyenga. Ana othamangira njinga akufuula kuti awapatse ndalama adaphunzira zimenezi kwa apaulendo omwaza maswiti m'njira, komanso kwa makolo amene aseka osawaletsa.

Chachitatu ndicho chachikulu. Pa msewu womwewo pamapitanso mlendo wina wa pa njinga, mwini dziko wosauka, wogulitsa usipa kapena wofuna ganyu, amene tcheni chamdukira dzuwa litalowa. Alibe hema, alibe khadi la ku banki, ndipo palibe mwana amthamangira. Ngati mudzi uphera nkhuku mlendo wa kunja, nupirikitsa uyu pomuyesa mbala, ndiye kuti ufulu wake si ufulu, koma malonda. Kukayikira alendo kudapha kale anthu m'dziko la Malawi: mu 2017 m'maboma a kum'mwera, ndi mu 2020 m'maboma a pakati ndi a kumpoto, mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa, ena mwa iwo apaulendo chabe. Kuchenjera ndi kwabwino, koma njira yake idaikidwa kale ndi makolo: mlendo aliyense, wolemera kapena wosauka, aperekedwe kwa mfumu, afunsidwe kumene achokera ndi kumene apita, kenaka apatsidwe malo. Mwambo umenewu utchinjiriza mudzi, utchinjirizanso mlendo.

Chimene mlendo anyamula pochoka

Pali katundu wina amene mlendo achoka naye, wosalemera pa kaliyala, ndiye mbiri ya mudziwo. Akafika kwawo adzasimba, adzaonetsa zithunzi, mwina adzalemba buku. Ndipo anthu amene sadzafika ku Kasungu moyo wawo wonse adzadziwa Kasungu kudzera m'kamwa mwake. Eni mudzi sadzakhalapo kuti amtsutse. Chifukwa chake ali ndi ngongole ya kunena zoona. Wojambula ana a eni ake osapempha, nasankha amene avala nsanza kuti anzake akamve chisoni, waba ulemu wa anthu amene adamsunga. Wosimba za umphawi wokha, osatchula mayi wa pa mjigo, mmisiri wa pansi pa mango ndi mfumu imene idamlondera tulo, wanama ngakhale mawu ake onse atakhala oona. Ndiponso wosimba kuti anthuwo ndi okondwa masiku onse, osasowa kanthu, wanamanso, poti wabisa dengu lopanda ufa lija.

Naye mlendo asiya kanthu. Akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Akayala mapu ake pa mphasa, naloza Nile, Kilimanjaro ndi Zambezi, mwana wa sukulu womasulira uja aona kuti maina a m'buku la sukulu ndi malo enieni, ofikika ndi miyendo ya munthu. Wokonza njinga aona magiya a mtundu wina, naphunzirapo. Nkhalamba imene idagwira ntchito ku Joni ipeza woifunsa za njira, nisimba zimene adzukulu ake adatopa kuzimva.

M'mawa

Tambala akalira kachiwiri, mlendo azula zikhomo za hema wake, namanga zikwama. Pamalo pamene adagona patsala udzu wogwa chabe. Apita kukatsazika kwa mfumu ndi kwa mayi wa pakhomo, ndipo mwamuna wa m'nyumbamo amperekeza, akukankha njingayo mpaka ku msewu, monga mwa mwambo. Pamenepo agwirana chanza, wina nati, “Muyende bwino,” wina nati, “Tsalani bwino.” Sadzaonananso.

Nkhalamba ya pa bwalo ija idanena zoona, koma mwambi wake ufuna kuumvetsa bwino. Munthu sayesedwa kanyama chifukwa cha kuchepa kwa oyenda naye, koma chifukwa cha kukana ngongole yake kwa anthu. Mlendo amene adziwa kuti wafika pa Kasungu ndi manja a anthu mazanamazana, nathokoza, nabwezera monga akhoza, nakasimba zoona, sadayende yekha tsiku ndi limodzi lomwe. Ndipo mudzi umene ulandira wapaulendo aliyense, wa hema ndi wopanda hema, usunga njira imene ana ake omwe adzayendamo, pakuti palibe mudzi umene ulibe mwana wake kuchilendo, amene madzulo ano alinkufunsa nyumba ya mfumu.